Munthu Wachitsulo ndi Amayi Anga Aang'ono

Ndikukumbukira mabulangete poyamba, kanemayo amabwera pambuyo. Holo ya pasukulu yathu ya atsikana, kufupi ndi nyanja ku Salima, inali ndi mazenera ataliatali opanda makatani. Galimoto ya kanema ikabwera masana, tinkalamulidwa kubweretsa mabulangete athu ogonera kuti tipange mdima. Atsikana ataliatali ankakwera pamadesiki n'kumawakoleka pamisomali. Bulangete lililonse linali ndi mbiri yake. Lina linadyedwa ndi makoswe, lina linapsa ndi simbi ya makala, ndipo langa linali ndi timabowo tisanu ta moto wa koloboyi amene ndinkawerengera mobisa. Dzuwa la ku Salima likamenya kunja, timabowo tonseto tinkayaka, moti holo imene m'mawa tinkaimbiramo nyimbo ya fuko inkasanduka thambo lodzaza nyenyezi, lonunkha sopo wa mtanda ndi thukuta.

Ndinali Folomu 2, ndipo ndinali ndi kope la chikuto chobiriwira limene ndinkalitcha dayale. Ndinkalembamo tsiku lililonse mosaphonya, ndi mawu akuluakulu amene lero ndikamawerenga ndimaseka ndekha. Kopelo ndikadali nalo. Mapepala ake anafiira ndipo makona ake anadyedwa ndi njenjete, koma zimene ndikunenazi zilimo.

Chithunzi cholengeza kanemayo chinafika patatsala milungu itatu. A Kamwendo, mphunzitsi wathu wa sayansi, anachimata pachitseko cha kalasi ndi phala la chinangwa. Panali munthu wasiliva, wamtali ngati mlongoti, m'maso mwake mukuyaka moto wobiriwira, atanyamula duwa m'manja. Kumbuyo kwake kunali thambo lakuda ndi miyezi iwiri. A Kamwendo anati Azungu amachitcha loboti, makina opangidwa ngati munthu, ndipo nkhani ya kanemayo inali yakuti tsiku lina makinawo anadzuka n'kupeza kuti akumva chisoni. Iwowo anali asanamuonere kanemayo, koma ankafotokoza ngati munthu wachitsuloyo anakulira naye mudzi umodzi.

Tsiku limenelo ndinalemba mudayale kuti: "Lachiwiri. Sayansi yatsimikiza kuti chitsulo chikhoza kukhala ndi mtima. Posachedwa anthu onse adziwa kuti Ababa si amisala."

Ababa anali makaniki wa injini za maboti. Anali ndi chisakasa cha malata pagombe, pafupi ndi mathandala oyanikira nsomba, ndipo panalibe msodzi wa dera lathu amene injini yake sinagonepo m'chisakasamo. Ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe ankatsutsa. Vuto linali lakuti ankalankhula nazo injinizo. M'mawa akachokera kumzikiti ankazipatsa moni imodziimodzi, kuzitcha amayi kapena achemwali, ndipo asanamasule bawuti ankayamba apepesa. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuika painjini yolira, chogwirira n'kuika kukhutu, n'kutsinzina. Akatsegula maso ankanena kuti iyi yatopa, iyi yamwetsedwa mafuta amadzi, iyi mwini wake amaitukwana. Tsiku lina anakana kubweza injini kwa msodzi wina mpaka msodziyo ataipepesa pamaso pa anthu, ndipo nkhaniyo inayenda gombe lonse mpaka inakalowa pageti la sukulu yathu.

Anailowetsa ndi Estere, mwana wa kalaliki wa kuboma, mtsikana wokongola wa pakamwa pothwa amene tinkagona naye chipinda chimodzi. Iye ndiye anapeka zoti Ababa anakwatira mitala, ndipo mkazi wachiwiri anali injini. M'mawa uliwonse tikamapita kokasamba ankandigwadira pang'ono mwaulemu wabodza.

"Asiyatu, amayi ako aang'ono adzuka bwanji? Akutsokomolabe utsi?"

Atsikana ankaseka mpaka zidebe kugwedezeka pamitu. Ine ndinkafulumiza mapazi. Ndinkangomva kutentha m'makutu, ndipo chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ndinayamba kuchita nawo manyazi Ababa. Akabwera kudzandiona ndinkawalandirira kuseri kwa mpanda, kuti anzanga asaone zikhadabo zawo zakuda ndi oyilo.

Ndiye milungu itatu imeneyo ndinakhala ngati woyenda m'tulo. Pophunzira masamu ndinkayang'ana pazenera, n'kumaona munthu wachitsulo akuyenda m'nyanja kuchokera cha kuchilumba cha Mbenji, madzi osamufika n'komwe m'mawondo, nsomba zikumutsatira monga zimatsatirira nyali za asodzi. Ankafika pachisakasa cha Ababa, n'kuwerama polowa, n'kukhala pachigubu. Ababa ankamuthira oyilo m'zigongono, awiriwo n'kumacheza motsitsa mawu ngati anthu apachibale. Estere ankaima kutali, chidebe chili pamutu, pakamwa yasa. Maloto amenewa ndinkawalemba mudayale ngati nkhani ya pawailesi, ndi maola ake omwe.

A hedi analola kuti makolo apafupi abwere kudzaonera nawo. Lamlungu masana ndinapempha chilolezo n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Unali mwezi wa Epulo, nthawi imene chilumba cha Mbenji chimatsegulidwa, ndipo amuna a pagombe onse anali kusoka makoka ndi kumanga akatundu. Kumeneko akazi sapondako, ndipo amuna akapita amakhalako miyezi. Ababa ankapita chaka chilichonse ndi boti loyamba, chifukwa makaniki wofika poyamba ndiye amene asodzi amamuzolowera nyengo yonse. Boti lawo linali lonyamuka Loweruka m'mawa, tsiku lomwelo la kanema.

Ndinawapeza akupukuta pulagi ndi kansanza. Ndinagwada pakhomo la chisakasa n'kufotokoza zonse: munthu wasiliva, duwa, miyezi iwiri, ndi zimene a Kamwendo ananena. Ndinawonjezerapo zanga, zoti akatswiri a kunja afika pa mfundo imene Ababa anaidziwa kalekale. Za Estere sindinatchule. Anamvetsera osakweza mutu, kenako anafunsa ngati munthu wachitsuloyo amayendera petulo kapena dizilo. Ndinati sindikudziwa. Anaiuzira pulagi ija, n'kuiyang'ana padzuwa, n'kunena kuti ndiye ayenera kukamumva okha, Insha Allah, boti likhoza kupita.

Amayi atamva sanakondwe. Anati munthu wamkulu sasiya utaka panyanja n'kumakaonera zithunzi pachipupa, ndipo anandiyang'ana m'njira yoti ndinadziwa kuti mlandu wonse uli pamutu panga. Koma Lachisanu anawachapira mkanjo wawo woyera wa kumzikiti n'kuusita bwino.

Loweruka kunacha kopanda mphepo. Nyanja inali bata ngati mbale ya madzi, ndipo titaima pabwalo la sukulu tinaona maboti akutuluka, timadontho takuda tikucheperachepera. Galimoto ya kanema inafika chakumasana. Anatsitsa makina oonetsera, zitini zinayi zobulungira zosungiramo filimu, ndi kajenereta kofiira kamene anakaika kuseri kwa holo, pansi pa mtengo wa mango, waya wake n'kumulowetsera pazenera. Pakhomo panaima anyamata a chipani a malaya ofiira, kuona makhadi a umembala wa chipanicho. Ababa anafika mochedwerako, atavala mkanjo uja ndi chikofia. Khadi lawo analitulutsa m'chikofiamo, atalikulunga m'kapulasitiki. Ndinaona chogwirira cha sikuludiraiva chikusuzumira m'thumba la mkanjo, koma tsiku limenelo sindinachite nacho manyazi. Ndinawagwira dzanja, ndinawadutsitsa pakati penipeni pa anzanga, n'kukhala nawo pabenchi ya makolo kuti ndiziwamasulira Chingelezi. Estere anali mizere iwiri kutsogolo kwathu.

Zitseko zitatsekedwa nyenyezi za mabulangete zinayaka. Kuwala kwa makina kunadutsa pamitu pathu, fumbi likuvina m'menemo ngati nkhungu za panyanja. Poyamba, monga mwa lamulo, tinaonera mtsogoleri wa dziko akuyendera minda ya chimanga, amayi akuvina, ife n'kuomba m'manja pamalo oyenera. Kenako kunalira malipenga oyambira kanema weniweniyo.

Miyezi iwiri ija sitinaione. Nyenyezi zinaonekera kamphindi, ndipo ngakhale ine ndinazindikira kuti inali nsalu yakuda yobooledwa, yosaposa n'komwe mabulangete athu. Kanema yense anali m'chipinda chimodzi chokhala ndi timagetsi tothwanima. Munali bambo wa magalasi wovala jasi loyera ngati wogulitsa nyama, ndi mayi wa tsitsi lachikasu, ndipo ankangolankhula. Ankalankhula ataima, n'kulankhula atakhala, n'kumwa tiyi, n'kulankhulanso. Chitini choyamba chinatha munthu wachitsulo asanaoneke. M'holo munayamba kutentha, mabenchi n'kumalira.

Atatulukira, ndinamva ngati ndaponda sitepe imene palibe. Anali wamfupi. Mutu wake unali ngati ndowa yovundikira, mikono ngati mapaipi a chimbudzi cha kuboma, ndipo ankayenda motsimphina, mokwekweza mapazi, ngati munthu wa matekenya. Akakweza dzanja, pakati pa paipi ndi gulovu pankaoneka khungu la munthu, lokhala ndi ubweya. Mtsikana wina wa Folomu 1 anafunsa mokweza ngati ameneyo ndiye, ndipo holo yonse inaphulika ndi phwete.

Komanso kanemayo anali atadutsa m'manja mwa akuluakulu oyang'anira makhalidwe, amene ankadula paliponse pamene mwamuna ndi mkazi ayandikirana. Choncho mayi uja ankakhala ali pakhomo, kuphethira kamodzi ali pazenera tsitsi litasokonekera, kuphethiranso akumenya bambo uja khofi, popanda wodziwa chimene walakwa. Munthu wachitsulo naye ankangopezeka ali pakona akulira mawu a m'mphuno, ndipo chomwe chamuliza chinali chitatsala pansi pa lumo. Estere anatembenuka, mano ake akuwala mumdima, n'kunong'ona moti mizere itatu imve kuti amalume anga afika.

Apa ndipo ndinayamba kunama. Munthu wachitsuloyo ankanena zinthu zozizira, za manambala ndi malamulo a mbuye wake, koma ine ndinkawanong'oneza Ababa zina. Ndinati akunena kuti amamva kuzizira usiku akamusiya yekha. Ndinati akupempha kuti asamamutukwane. Ndinati akulakalaka ataona nyanja. Ndinkalankhula mofulumira, misozi ili m'maso, kuyesa kusoka kanema wanga pamwamba pa kanema wawo. Nditawayang'ana ndinapeza atatsinzina, mutu ataupendeketsa, monga ankachitira m'chisakasa.

"Mulibe injini m'menemo, mwanangu," anatero motsitsa. "Muli munthu, ndipo akubanika. Tamvera mmene akupumira. Koma wodwala weniweni ali panjapa."

Sindinamvetse. Ndinangoona akudzuka, mkanjo woyera ukudutsa pakati pa mizere, mutu wawo n'kuphimba chithunzi kamphindi, atsikana n'kukuwiza. Chitseko chinatseguka, dzuwa linalowa ngati mpeni, chinatsekekanso. Ndinatsala ndekha pabenchi, pambali panga pali malo opanda munthu amene aliyense ankawaona. Ndinaganiza za boti limene linali litafika kale ku Mbenji. Ndinaganiza kuti ndawachotsa pantchito yawo ndi kuwabweretsa kuti adzasekedwe atavala zoyera.

Nthawi yomweyo chithunzi chinayamba kuzilala. Nkhope zinachita chikasu, mawu a mayi uja anatsika n'kukhala ngati a bambo woledzera, ndipo mkulu woonetsa kanema anadzuma n'kumenya makina ake ndi chikhatho. Tonse tinadziwa kuti magetsi akufa. Koma sanafe. Kuwala kunagwedezeka, kunabwerera pang'onopang'ono, n'kukhazikika, kowala kuposa poyamba.

Zitini ziwiri zotsalazo sindinazione bwino. Ndinasiya kuyang'ana chipupa n'kumayang'ana mabulangete. Ndinapeza langa, lachitatu kuchokera kutsogolo, ndi nyenyezi zake zisanu. Dzuwa likamasuntha, timizere ta kuwala tinkayenda pamitu ya anzanga pang'onopang'ono, ndipo kutentha kuja kunandilowetsa m'tulo ta maso otsegula. Ndinaona ngati holo yonse yanyamuka ndi mabenchi ake omwe, ikuyandama pamwamba pa nyanja, ndipo pansi pake china chake chikugunda mosalekeza, modekha, ngati mtima wa nyama yaikulu yogona. Patapita nthawi ndinazindikira kuti kugundako sikunali m'maloto. Kunkachokera kuseri kwa chipupa.

Kanemayo anatha mopanda ulemu. Bambo wa magalasi anapita pachipupa n'kuzimitsa munthu wachitsulo ndi swichi yofanana ndi ya m'kalasi mwathu, ndowa ija inagwa cham'mbali, kenako mwadzidzidzi awiri aja anali pa ukwati. Duwa lija silinaoneke n'kamodzi komwe. Sindinadikire malipenga omaliza. Ndinatuluka mowerama n'kuzungulira kuseri kwa holo.

Ndinawapeza atagwada pafumbi pansi pa mango. Mkanjo unali utada m'mawondo ndi pachifuwa, chikofia chili pansi. Dzanja lamanzere analiyala pamsana pa kajenereta kaja monga munthu amagwirira mwana wa malungo, ndipo chala cha dzanja lamanja chinali chitakanikiza kachitsulo kakang'ono pamene kasipuling'i kanaduka. Anali atagwira pamenepo nthawi yonse ya zitini ziwiri zija. Thukuta linkatsika m'ndevu, chalacho chinali chitatuwa ndi kutentha, ndipo milomo yawo inkayenda. Nditayandikira ndinamva akukauza kuti kalimbe mtima, kwatsala pang'ono, ana a anthu akuonera.

Anandikodola ndi mutu kuti nditenge sikuludiraiva m'thumba mwawo. Anandiuza poika nsonga. Ndinaika chogwirira kukhutu n'kutsinzina. Phokoso limene ndinkalimva kunja ngati chinthu chimodzi linagawikana. Munali kugunda kwakukulu, pansi pake kena kolira ngati nkhululu, ndi kena kopuma mwabefu, kodumphadumpha, kamene kankakhazikika Ababa akasuntha chala pang'ono chabe. Zonsezo zinkadutsa m'fupa la kuseri kwa khutu n'kutsikira m'chifuwa changa. Sindikunena kuti ndinamva mtima. Ndinaphunzira sayansi mokwanira moti sindinganene zimenezo. Koma ndinamva chinthu chotopa chimene chikuyesetsa, ndiponso munthu amene akuchimvetsera.

Nditatsegula maso mabulangete anali akutsitsidwa. Zenera la kuseriko linayera, ndipo munadzaza nkhope za atsikana, Estere ali pakati, bulangete lake lili paphewa. Mkulu wa kanema anatulukira akupukuta m'khosi, n'kuima chilili. A Kamwendo anabwera pambuyo pake, anayang'ana chala chija ndi kasipuling'i koduka, n'kuvula magalasi. Ababa sanaone aliyense wa iwo. Anafunsa ngati zithunzi zatha, ndipo nditavomera anaweramira kajenereta kaja.

"Mwagwira ntchito, amayi. Pumulani tsopano."

Anachotsa chala. Kanatsokomola kawiri n'kukhala chete. Mumtengo wa mango munamveka mbalame, ndipo pazenera panalibe woseka.

Powaperekeza kugeti ndinayesa kupepesa za kanemayo ndi za boti. Iwo ankayamwa chala chopsacho. Anangofunsa ngati mnyamata wa m'ndowa uja anamutulutsa pomaliza, chifukwa ndi kutentha kumeneko munthu akhoza kukomoka. Ndinati anamutulutsa. Linali bodza langa lomaliza tsiku limenelo, ndipo ndikukhulupirira kuti limenelo lokha ndi limene analilandira.

Ku Mbenji anapita patatha masiku atatu, paboti lonyamula nkhuni. Anakapeza makaniki wina wa ku Nkhotakota atamanga kale chisakasa pamalo pawo, ndipo chaka chimenecho injini zambiri zinapita kwa iyeyo. Zimenezi ndinazimva kwa Amayi, kangapo konse. Ababa sanazitchule mpaka kumwalira kwawo.

Estere sanasinthe, anthu ngati iye sasintha ndi Loweruka limodzi. Lolemba m'mawa, panjira ya kokasamba, anagwada monga mwa masiku onse n'kufunsa za amayi anga aang'ono. Koma ulendo uno ndinaima, ndinatula chidebe, n'kumuyankha mwaulemu wonse kuti adzuka bwino, chifuwa chija chachepa, ndipo akupereka moni. Atsikana anaseka, ine ndinaseka nawo, ndipo m'makutu simunatenthe. Mudayale, pa tsiku la Loweruka limene ndinalisungira masamba anayi, muli mzere umodzi wokha: "Kanema anali woipa. Ababa apsa chala."

Lero holo ija ili ndi makatani ndi magetsi a pamzere, ndipo palibe mwana amene angabwereketse bulangete lake kuti apange mdima. Adzukulu anga amaonera anthu achitsulo m'manja mwawo, osalala, othamanga, opanda paipi kapena ubweya woonekera. Ngakhale foni yanga imandiyankha ndikaifunsa njira, mwa mawu okoma kuposa a mayi wa tsitsi lachikasu uja, ndipo akuti kuli makina amene amacheza ngati munthu. Ana amandifunsa, popeza ndinaphunzitsa sayansi zaka zambiri, ngati zinthu zimenezi zimamva. Ndimawauza kuti sindikudziwa. Chimene ndimaona n'chakuti zinthu zimene zikulankhula zachuluka, koma zikadwala palibe amene amagwada pambali pake. Amangotaya n'kugula zina.

Sikuludiraiva ija ili m'dirowa yanga, pamodzi ndi kope lobiriwira. Chogwirira chake chinasalala mbali imodzi, pamene pankakhudza khutu lawo. Ndili ndi makina osokera akale amene amalimba m'mawa kukazizira, ndipo ndisanaponde ndimayamba ndayang'ana ngati pakhomo palibe mdzukulu. Ndikatero ndimawayala dzanja pamsana n'kuwafunsa mmene adzukira.